Tsiku limene foni yanga inandiulula kwa apongozi

Mpaka lero ndikamadutsa ku Nangongwe, kwawo kwa apongozi anga, ndimayenda chozolika. Sikuti ndinaledzera kapena kugwidwa ndi chibwenzi chamseri ayi. Inandivula ndi foni yanga yomwe, imene ndinkaipukuta ndi malaya m'mawa uliwonse.

Ine ndine uja anzanga a ku ofesi za pa boma ku Kafue amamutcha injiniya, chifukwa chodziwa kuzimitsa ndi kuyatsanso kompyuta ikakakamira. Ndiye nditamva kuti kwatuluka pulogalamu yatsopano yoyendetsa foni yonse, koma yongoyesera, yosamalizidwa, ndinaithamangira. Eni ake anachenjeza bwinobwino kuti isaikidwe m'foni imene munthu amadalira tsiku ndi tsiku. (Chenjezolo ndinaliona kuti ndi la anthu wamba, osati ife mainjiniya.)

Mavuto oyamba anali aang'ono. Foni inkatentha m'thumba ngati mbatata yootcha, batire nkumatha minibasi isanafike ku Lusaka. Koma munali kanthu kamodzi kamene kanandigwira mtima: ukawomba m'manja, foni inkadzuka nkukuwerengera mokweza uthenga umene sunautsegule. Ndinaonetsa aliyense kwathu ku Estates, ngakhale osafuna kuona.

Loweruka lotsatira linali tsiku lokaonekera kwa makolo a Mutinta, mtsikana amene ndinkafuna kukwatira. Bambo ake ndi msodzi wa pa mtsinje, munthu wosalankhulalankhula. Mayi ake amalankhulira onse awiri. Amalume, omwe anali ankhoswe anga, anandilangiza tili m'njira: "Ukangena ugwade, maso pansi. Osakamba chilichonse. Okamba ndine."

Ndinalowa, ndinagwada, maso pansi. Kenako, monga mwana woleredwa bwino, ndinawomba m'manja kupereka ulemu.

M'thumba mwanga munatuluka mawu a mzimayi wachizungu, akupotokola Chinyanja koma chomveka ndithu. Unali uthenga wa mnzanga Chanda: "Boi, wafika kwa bamayo baja unakamba ati ni wailesi yosazima?"

Ndinapisa m'thumba nkudina batani lozimitsira. Foni yauma gwa, galasi loyera mbee. Batire la mafoni amasiku ano silichotsedwa. (Tikuthokoza kwambiri, inu anzeru amene munaganiza zimenezi.)

Amalume, pofuna kuzimitsa motowo, anatsika pampando nkugwada. Ndipo munthu wamkulu akamapepesa amatani? Amawomba m'manja. Mzungu uja anadzukanso ndi uthenga wachiwiri wa Chanda: "Bakakupasa nsomba uziyese monga uikonda. Uzalavula panja."

Patebulo panali mbale yovundikira. Fungo lake silinali la nkhuku.

"Malume, osawomba!" ndinakuwa. Amenewo ndiwo mawu anga oyamba m'nyumba ya apongozi: kukalipira nkhoswe kuti aleke ulemu. Mumtima ndinadziwa kuti Mutinta ndamutaya. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa mtsikanayo ndinkamukonda zenizeni.

"Basiyeni," anatero mayi a Mutinta mofatsa koopsa. "Wailesi nayo ifuna kumvelako nyuzi."

Anawomba okha, pang'onopang'ono, maso ali pathumba langa. Foni yomwe inakana kumvera mwini wake inawamvera iwo nthawi yomweyo. Uthenga wachitatu unali wa Mutinta: "Usayope, wanga. Amami bakamba maningi, koma bakukonda kudala. Ni ine nikuuza."

Kukhitchini, kumene kunali Mutinta, kunamveka chivundikiro cha poto chikugwa.

"Na iwe, Mutinta?" anafuula mayiwo. Bambo aja, amene chilowereni ife anali asanatsegule pakamwa, anaphulika ndi kuseka mpaka kutsokomola. Atapuma anavundukula mbale ija, nkuikankhira kwa ine ndi chala chimodzi. Nsombayo ndinaidya yonse, ndi mutu womwe, iwo akuyang'ana. Kunja sindinaloledwe kutuluka.

Pobwerera amalume sanandilankhule. Foni yokha ndiyo inatsitsimuka tili pa siteshoni, nkundifunsa mwaulemu kuti pulogalamu yoyeserayi ndaiona bwanji, yakonzeka kugwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku? Ndinayankha kuti yakonzeka kwambiri, bola munthu akhale wopanda apongozi, wopanda anzake, komanso wopanda manja.

Ukwati analola. Pulogalamu ija ndinaichotsa, ngakhale ndamva kuti kwatuluka ina yoyesera ndipo chala chikundiyabwa kale. Koma ndikafika ku Nangongwe nkugwada, apongozi aakazi sayamba ndi kundilonjera ine. Amawomba m'manja, nkutchera khutu kuthumba langa. M'thumbamo mukakhala zii amapukusa mutu mokhumudwa.

"Lelo mwamusiya kuti munzanu uja okamba zoona?"