Msuweni Wanga Wolipira

Mpaka lero ndikamva mawu akuti "msuweni" ndimadzidzimuka. Sekani ndithu, ine ndinalira kale.

Kuseri kwa nyumba yathu, kufupi ndi Makokola, kuli kachipinda komwe tinkasungamo makasu ndi matumba a chimanga. Nditaona anthu akusowa pogona nthawi ya holide, ndinakapaka laimu, n'kuikamo bedi, neti ndi fani. Amuna anga, omwe amaphika pa hotela ina kunyanjako, anandichenjeza.

"Mayi a Shakira, kugoneka alendo olipira kumafuna chilolezo. Ndi inshulansi yomwe. Chinthu chikaonongeka pano mudzaloza ndani?"

"Kachipinda kamodzi komweka? Inu mwazolowera za kuhotela," ndinatero. (Pakamwa panga pamathamanga, nzeru zimabwera pambuyo ngati lole ya ku Makanjira.)

Mlendo woyamba anali a Gondwe, bambo aulemu ochokera ku Blantyre, odzakonza mapampu a sola kwa masabata awiri. Galimoto yawo yoyera mbee. Vuto linali loti mayi woyandikana nafe nyumba amagwira ntchito ku ofesi yopereka zilolezo zomwezo. Ndiye ndinawanong'oneza a Gondwe:

"Wina akafunsa, ndinu msuweni wanga."

"Palibe vuto, asuweni," anatero akuseka.

Ndinaiwala kanthu kamodzi. Msuweni sathothoka mumtengo ngati mango, amakhala mwana wa amalume kapena wa azakhali. Ine azakhali ndilibe. Amalume ndili nawo amodzi okha, amjomba Saidi a ku Makanjira, asodzi ofatsa osaphonya swala kumzikiti, omwe akalamba limodzi ndi akazi awo, anti Asiyatu.

Nkhani ilibe miyendo koma imakwera boti. Mayi wina wogula usipa anaitola pamjigo n'kukaitula ku Makanjira: a Saidi ali ndi mwana wamkulu ku Blantyre, wagalimoto, ndipo akumubisa kunyumba kwanga.

Lachinayi masana ndikuyanika zovala, ndinangoona anti akulowa pageti, mpango utapendekeka, fumbi la mumsewu lili mbuu mpaka m'nsidze. Amjomba ankabwera pambuyo, kofia ili m'manja. Moni panalibe.

"Ali kuti mwana wa amjomba akoyo?"

Ndisanatsegule pakamwa, anali atawaona kale a Gondwe pakhonde, akudya chambo.

"Inu ndinu ndani pakhomo pano?"

Koma anthu ena kusunga pangano! A Gondwe anaimirira, kupukuta m'manja, n'kuyankha mwaulemu wonse: "Ndine msuweni wawo wa mayiwa."

"Wallahi sindikumudziwa munthuyu!" anafuula amjomba.

"Simukumudziwa? Nanga makutuwo anabwereka kwa ndani?"

Ndinayang'ana. Abale anga, ndisaname, makutu ankafanana. (Otambalala, oti ukaima kumbuyo kwawo mphepo sikupeza.)

Anti anatola chikuni pambali pa mbaula n'kuponya. Amjomba, ngakhale ndi okalamba, anawerama ngati mnyamata. Chikuni chija phwaa! pagalasi lakutsogolo la galimoto. Apa n'kuti anthu atadzaza kumpanda, mayi wa ku ofesi uja ali patsogolo penipeni.

"Itanani ankhoswe," anatero anti. "Ine ndikubwerera kwathu. Ukwati watha."

Nditaona misozi m'maso mwa amjomba, munthu wosalakwa amene anandilipirira sukulu ndi ndalama za usipa, manyazi anandigwira. Ndinagwada pafumbi pomwepo.

"Anti, si msuweni. Ndi mlendo, amalipira. Ndinanama chifukwa ndilibe chilolezo."

Kenako mawu ochokera kumpanda, okoma ngati uchi:

"Mwati mulibe chiyani, mayi a Shakira? Mawa mundipeze ku ofesi. Mubwere ndi chitupa."

A Gondwe anazungulira galimoto yawo kawiri, n'kundifunsa mofatsa: "Asuweni, inshulansi yanu ndi ya kampani iti?"

Inshulansi yanga inali mbuzi ziwiri zomwe ndinkasungira Idi. Zinapita ndi galasi. Amuna anga atabwera anangoyamba kuimba mluzu, ndipo mluzu umenewo unandipweteka kuposa mbama.

Pano chilolezo chili mufelemu pakhoma, pepala la inshulansi pambali pake. Mlendo aliyense ndimamutchula kuti mlendo, mokweza, kuti ndi kumjigo komwe amve. Ukwati wa amjomba unapulumuka, koma ndinapita ndekha ku Makanjira kukapepesa, nkhuku ili m'manja.

Anti anandikhululukira. Mwezi wathawu anabwera kudzacheza, ndinawaonetsa mapepala onse, iwo n'kugwedeza mutu. Ndikuwaperekeza kokwerera lole, anandikokera pambali.

"Mapepala ndawaona, mwana wanga. Koma makutu aja."