Bafa Langa Loyamba

Lolemba

Ndawauza abambo: za uphunzitsi sindikufuna, ndikufuna kukaphunzira kujambula mapulani a nyumba. Akitekiti! Mawu amenewa ndayeserera m'mawa wonse.

Abambo akuti, "Kujambula ndi ntchito? Si ana a sitandade wani amajambula?" Kenako aloza bafa lathu laudzu, lomwe lapendekeka ngati munthu wochokera kumowa. "Jambula limenelo, limangidwe ndi njerwa. Likaima mpaka Lamulungu, ndikulola. Likagwa, ukagwira choko."

Ndavomera. Masamu ndinakhoza, fizikisi ndinakhoza. Bafa n'chiyani?

Lachiwiri

Msuweni wanga wa ku Blantyre wandiuza pafoni kuti akitekiti weniweni amayamba wamva zofuna za eni nyumba. Ndafunsa. Ndikanadziwa!

Amayi: msomali wokolekapo chitenje.
Abambo: lopanda denga, azisamba akuona phiri la Malosa.
Azakhali, omwe sakhala n'komwe pakhomo pano: windo loyang'ana kumsewu, "kuti munthu uzidziwa amene akudutsa."
Mng'ono wanga: potchajira foni. Magetsi tilibe.

Tepi yoyezera palibe. Ndabwereka ya amayi yosokera.

Lachitatu

Pulani yatha! Kukongola kwake! Ndajambulaponso kamtengo pambali ndi munthu ataimirira, monga amachitira akatswiri. Amayi akuti munthuyo ndimuveke zovala.

Kuchigayo mbiri yafika kale yoti ndine injiniya. Mayi wina wandiimitsa panjira kuti ndikamuonere wailesi yake.

Lachinayi

Mmisiri wafika, a Jafali a ku Naisi. Ayang'ana pulani nthawi yaitali, agwedeza mutu. "Iyi ndiye pulani, chemwali!" Ayipinda bwinobwino, ayiika panjerwa, ayikhalira.

Simenti palibe, tikumangira dothi. Malo ndasankha kumtunda kwa khitchini, pamene phiri likuoneka bwino. Kutalika kwa khoma ndayeza ndekha: ndaima njo, ndaika dzanja pamutu panga, ndati, "Lilekeze apa."

Lachisanu

Latha! Abambo alowa kukalitsegulira ngati mlendo wolemekezeka.

Chimodzi chokha ndinaiwala: ine ndine wamfupi, abambo ayi. Khoma likuwalekeza m'chifuwa. Ndipo msewu wa ku Malemia ukudutsa pomwepo.

Wakabaza: "Mwaswera, bambo?"

Abambo, thovu lili mbuu kumutu: "Ndaswera, kaya inu?"

Kenako azimayi a kumpingo akuchokera kozonda odwala. Apereka moni mmodzimmodzi, wina mpaka kufunsa za chimanga. Abambo amalizitsa kusamba atanyonyomala.

Loweruka

Madzi samvera pulani! Ngalande ndinaiwala. Madzi onse osamba atsetsereka molunjika kukhitchini, azimitsa moto, anyowetsa thumba la ufa. Mphaka wasamukira padenga.

Masana khoma lakumunsi lanyowa mpaka lakhala pansi, pang'onopang'ono, mwaulemu. Azakhali anali m'katimo. Windo lawo lija alipeza, lalikulu kuposa limene anapempha. Sanavulale, koma mawu amene atuluka m'kamwa mwawo sindingawalembe muno.

A Jafali akuti iwo anangotsatira pulani. Pulani imene anaikhalira!

Lamulungu

Banja lonse lakasamba kumtsinje wa Domasi tisanapite kutchalitchi, poti bafa laudzu lija tinaligwetsa kale. Kuzizira kwake! Palibe akundilankhula.

Pobwerako abambo aima pamulu wa njerwa zija, manja kumbuyo. Ine ndayamba kale kudziona ndili kutsogolo kwa kalasi.

"Kusukulu kwakoko amaphunzitsa za ngalande?"

Ndati eya.

"Nanga za kutalika kwa anthu?"

Ndati mwina.

Apumira m'mwamba. "Pita ukaphunzire, mwana iwe, usanatiphe."

Ndiye basi, ndaloledwa. Koma akuti mpaka nditamaliza maphunzirowo ndisakhudze chilichonse pakhomo pano, ngakhale khola la nkhuku. Mawa ndikumweta udzu womangira bafa lina.