Chitsononkho cha pa Thanki ya Pikapu Yathu

Nsaru,
Lilongwe.

Kwa Bwana Injiniya Wamkulu,
Galaja ya Zonse N'zotheka.

Olemekezeka Bwana,

Ndine Takondwa, mwana wa a Chikoti, eni pikapu yoyera ija yakhala pabwalo panu sabata zitatu. Mwina simukundikumbukira. Ndine uja ndimaima kumbuyo kwa amalume a Frazer, oyendetsa galimotoyo, n'kumayang'ana pansi. Kuyankhula ndimachita manyazi, ndiye ndalemba. Sukulu ndinalekera Sitandade 7, choncho mundikhululukire pomwe ndaphonya. Kalatayi ndaikopera kawiri, ina ndaimata pamtengo wa pasiteji kuti luso lanu lidziwike.

Sindikanakuvutitsani, koma achemwali anga a Triza mwezi wawo ndi uno. Anamwino anati mwana sanagone bwino, akadikirire ku chipatala ku Namitete lisanathe sabata lino. Kabaza sangakwere. Galimoto m'mudzi mwathu ndi yomweyi.

Choyamba, ndikuthokozeni. Pomwe tinkaibweretsa koyamba mu Juni, galimotoyi inkadwala matenda amodzi okha: hutala sinkalira. Munaikonza, ndipo mwa ufulu wanu munatiwonjezera matenda ena awiri osapempha. Tsopano imazima yokha pakati pa ulendo, ndipo pokhota imauma khosi ngati ng'ombe yokana goli, matayala ali kwee kwee. Hutala yokha ikulira bwino kwambiri. Ndi imene timaitanira anthu odzakankha.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha khama lanu. Munasintha mapulagi, inazima. Munasintha batire, inazima. Munasintha pampu ya petulo, inazimanso pamalo omwe aja, pafupi ndi mtengo wa mango. Mutatopa munauza abambo kuti izi si za sipanala, n'zakumudzi, alipo wina wanjiru. Kuyambira tsikulo abambo sapatsana moni ndi a Tobias oyandikana nafe, amene mlandu wawo ndi woti anafunsa kuti kodi yafanso eti.

Chachitatu, ndili ndi kakope. Ine ndimakhala kumbuyo ndi madengu a tomato, ndiye poti kulibe wocheza naye, ndinkalemba nthawi iliyonse ikazima. Yazima kakhumi n'kamodzi. Sinazimepo ponyamuka, koma tikayenda kamtunda ndithu. Ikazima, amalume amatsika, n'kuzula chotsekera thanki kuti apisemo kamtengo aone ngati petulo watha. Akangozula, thanki imati fyuu ngati munthu amene anamugwira pakamwa. Petulo amapezeka alimo. Akatero, anthu akangoikankha pang'ono imalira bwinobwino, ndipo amalume amati yangopumako. Kakhumi n'kamodzi konse zinali choncho.

Chotsekera ndikunenachi, Bwana, ndi chitsononkho chokulunga mu jumbo chimene munakhomera ndi hamala tsiku lija chitsekero chenicheni chinasowa m'manja mwanu. Munachikhoma mwaukatswiri, mpweya sulowa ngakhale pang'ono. Chitsekero chakale ndinkachipukuta ndine, ndipo chinali ndi kabowo ngati ka singano. Ine za injini sindidziwa. Ndimangodziwa kuti ukamamwa madzi m'botolo milomo utamatiratu, amafika poleka kutuluka mpaka usiye kampata.

Chachinayi n'chachifupi. Kuuma khosi kuja kumachitika pa tala pokha, tikalowa msewu waukulu ku Namitete. M'fumbi sikumveka. Pali kandodo kakafupi pambali pa giya kamene amalume ankakoka m'matope a Febuluwale okha, kuti matayala onse anayi azikoka. Inu munaona kuti kakugwedera n'kumasokosa, ndiye munakakoka n'kukamanga ndi legeni kumpando, n'kuwauza amalume kuti asakakhudze. Phokoso linathadi. Koma kuyambira Juni galimoto yathu ikuyenda pa tala ngati ili m'dambo.

Lachiwiri lapitali ndinalimba mtima n'kukuonetsani kakopeko. Munakagwira chozondotsa, n'kuuza amalume kuti kamtsikanaka kapite kakatsuke mbale, inu mukudikira chitsulo chochokera ku Joni. Mbale ndinakatsukadi, ndipo zinayera. Chitsulocho sichinafike.

Koma ulendo umenewo sunapite pachabe, chifukwa kuyang'ana pansi kuli ndi ubwino wake. Pamthunzi paja mumasewera dirafuti ndi a Sydney ometa tsitsi, pakati pa zitsekero za mabotolo, ndinaona chitsekero chachikulu chakuda, cha kabowo ngati ka singano. Ndi chimene mumaika ngati mfumu mukafika kumapeto. Ndinanyadira kuona katundu wa a Chikoti atakwezedwa chotero, ndipo munapambana kawiri ine ndikuona.

Tsono pempho langa, Bwana, ndikugwada. Masewero akatha, osati pakati, mutibwezere mfumu yanuyo pa thanki. Mudule legeni ija, kapena mundilole ndibwere ndi lezala langa. Mukatero amalume adzaitenga Lachisanu m'mawa. Chonde musakonzenso china chilichonse. Mwatichitira zambiri kale, ndipo galimoto yokalamba ngati iyi singapirire chifundo china.

Chitsononkho musabweze, kwathu zilipo mulu. Chikhoza kukhala mfumu yanu yatsopano.

Mukakana sitidandaula. Tidzanyamuka nayo momwe ilili, ndipo mwana akabadwira pamtengo wa mango paja tidzamutcha Injiniya. Aliyense wofunsa chifukwa chake tidzamufotokozera bwinobwino, ndi njira yakugalaja kwanu yomwe.

Ine wanu wosaphunzira, wotsuka mbale,

Takondwa Chikoti

Pomaliza: ngati n'kotheka, muwauze abambo kuti a Tobias alibe mlandu. Amakwera nafe, ndipo akhala akutikankhira galimoto ulendo uliwonse popanda moni.