Mmene ndinagwadira gemu pa mlandu wa banja

Nkhani iyi ndaisunga zaka zambiri. Ndikuinena lero chifukwa a Namakhwa, amene ankaifalitsa mokokomeza, anatisiya.

Ine ndinagwira ukapitawo pa esiteti ya tiyi zaka makumi awiri. Ndikakhosomola, mzere wonse wa othyola unkakhala chete. N'chifukwa chake mwana wa mlongo wanga, Esinati, atakwatiwa ndi Dankeni, kalaliki wa kufakitale, unkhoswe anapatsa ine.

Tsiku lina mlongo wanga anabwera kuchokera kwa Changata nkhope ili gwa. Akuti Esinati wamanga katundu. Dankeni wagula kamakina kolumikiza ku TV, akuti gemu, ndipo akaweruka salankhula ndi munthu. Ndinalonjeza kuti ndikakaphwanya ndi chidendene.

Loweruka m'mawa ndinavala jekete, ndinakwera kabaza pa Luchenza. Ndinapeza chikwama cha Esinati chili pakhomo, chomanga kale.

"Atsibweni, musankhe," anatero Esinati. "Chichoke icho kapena ndichoke ine."

Ndinalamula kuti ndione chinthucho, poti mlandu saweruza osaona umboni. Dankeni anatenga kakaseti, anakauzira mpweya ngati akukoleza moto, n'kukalowetsa. Panatuluka kamunthu ka mpango wofiira. Akuti n'kamunthu ka m'filimu ina imene inkaonetsedwa pa TV masiku amenewo, kopulumutsa anthu ogwidwa m'linga.

"Kameneka n'kamene kakupasula banja?"

Dankeni anawerama. Ndinamutuma kusiteji kukachingamira a Namakhwa, nkhoswe ya kwawo. Esinati anapita kukhitchini kukaphika tiyi. Ndinatsala ndekha.

Ndinatola kachipangizo ka mabatani kuti ndizimitse (izi ndikulumbira mpaka lero). Nditadina, kamunthu kanayenda. Kanayenda molunjika n'kugwera m'dzenje, dzenje looneka ndi aliyense. Ine wantchito wopusa chotero sindinamulekererepo. Ndinadinanso. Kanagweranso momwemo.

Kachisanu kanalumpha. Ndinamva kukoma kumene sindinakumvepo chipumireni ntchito.

Kenako kunabwera agalu, kenako amuna a zibonga. Chingwe chinali chachifupi, choncho ndinatsika pampando. Jekete inkandigwira m'khwapa, ndinaivula. Tiyi anabwera ndipo anazizira (sindikudziwa anamubweretsa nthawi yanji). Pofika pa chipata cha linga panali chimunthu chachikulu, mimba ngati thanki, chimene chinkandiphwanya ndisanatukule n'komwe ndodo. Mawu a ukapitawo anabwerera okha.

"Lumpha, waulesi iwe! Menya! Ndikuchotsa ntchito lero lomwe!"

Kumbuyo kwanga wina anakhosomola.

Nditacheuka, onse atatu ali chilili. Ine ndili chogwada pasimenti, malaya atatuluka, thukuta lili kamukamu. A Namakhwa anavula chipewa mwaulemu woonjeza.

"Pepani achimwene, tadula mapemphero. Malizani, tidikira panja."

Dankeni ankayang'ana kudenga, milomo ataluma. Koma ine maso anga anali pa Esinati ndi chikwama chija. Ndinadziwa kuti ndaluza mlandu usanayambe. Nkhoswe yake yomwe yagwidwa ndi mdani. Akanyamula chikwamacho, banja latha, ndipo wolithetsa ndine. Mlongo wanga ndikamuuza chiyani?

Esinati anayandikira. Anayang'ana ine, anayang'ana TV.

"Atsibweni, nanunso?"

Kenako analoza pa TV paja.

"Pamenepo simungadutse choncho," anatero. "Bwererani kaye, muphwanye mtsuko uli kuseri kwa makwerero. Muli chishango. Awa anatha milungu iwiri osauona."

Dankeni anatsitsa maso. "Iwe ukudziwa bwanji?"

"Ndimakhala kumbuyo kwanu tsiku ndi tsiku ngati mlonda. Munayamba mwacheukapo? Munayamba mwanenapo kuti, Esinati, tayesako?"

Apo ndinaona pothawira, ndipo ndinadzuka pang'onopang'ono ngati munthu amene anakonza zonsezi dala. Ndinavala jekete. Ndinamupatsa Esinati kachipangizo kaja. Anaphwanya mtsuko, anatola chishango, anagwetsa chimunthu chija ulendo umodzi wokha. A Namakhwa anaomba m'manja, kuiwala kuti ali mbali ina.

Chigamulo changa chinali chachifupi. Dankeni akaweruka, ayambe wapereka moni ndi kumva za pakhomo. Kenako azisinthana: kamunthu kakafa, winayo atenge. Dankeni anavomera msanga. Chikwama anachilowetsa yekha kuchipinda.

Pobwerera pa kabaza, a Namakhwa anandifunsa ngati mawondo akupweteka. Ndinawauza kuti nkhoswe yodziwa ntchito imafufuza umboni mpaka pansi. Anaseka mpaka pa Luchenza.

Mlongo wanga ndinangomuuza kuti nkhani ija ndathana nayo. Silinali bodza. Banjalo lilipo mpaka lero, ana anayi.

Chaka chimenecho ndinkapitako Loweruka lililonse kukaona ngati chigamulo chikutsatidwa. Ndi udindo wa nkhoswe. Chimunthu cha pachipata chija sindinachigwetsepo, koma ndikukhulupirira kuti kachipangizo kamene ankandipatsa ine kanali ndi batani lolimba.