Mavela anayi ndi ukwati wa Tereza

LOLEMBA

Chisanu chafika ndi mano. Udzu pabwalo uli mbuu. Galimoto yakana kudzuka. Ndipotokola kiyi, kanyali kopotana ka pafupi ndi chiwongolero kayaka, kazima, ndipotokolanso: gurr, gurr, kenako zii. Kachisanu ndi chimodzi ndiye yalira, ikunjenjemera ngati wamalungo, utsi woyera bwalo lonse. Nkhuku zathawira kuseri.

Loweruka Tereza, mwana wanga womaliza, akukwatiwa ku Fonte Boa, Misa ya m'mawa. Ndinalankhula pamaso pa ankhoswe onse kuti mkwatibwi ndikamutula ndine, pa galimoto yanga. Asewere, bambo a mkwati, ali ndi chapa yonyamula anthu pa msewu wa ku Ulongwe, ndiye akuti ingathandize. Ithandize ana awo.

Ku chigayo ndakumana ndi Zuze, mekaniko wa ku Ulongwe. Akuti: "Ndi mavela amenewo, madala, tizitsulo tinayi timene timafunditsa injini isanalire. Bwerani nayo, ndi ntchito ya theka la tsiku."

Ine ndipite kwa Zuze? Amene ndinamuona akukwawa? Ku shikola sindinapondeko, koma zilembo izi ndinatola ndekha m'buku la nyimbo tili kothawa nkhondo ku Dedza. Tizitsulo tinayi sitingandikanike.

Zochita:
1. Kuifunditsa.
2. Ikakana, kutsegula.
3. Osauza asewere.

LACHIWIRI

Nzeru ya lero ndi moto. Chinthu chikamva chisanu umachiwotchera moto, basi. Ndaika mbaula pansi pa injini, ndafunditsa bulangete pamwamba, ndathira ketulo ziwiri za madzi otentha. Madziwo ndi amene aNangozo, mayi a kunyumba kuno, anateleka kuti asambe.

Yalira kachitatu! Ndinadziwa ine.

Bulangete lapsa ngodya imodzi. Ndi lija la alendo. Pansi pa injini pamadontha mafuta, ndipo lawi linakwera pang'ono kuposa m'mene ndinaliuzira. Ndazimitsa ndi dothi. Nsidze zanga zapita.

ANangozo akuti: "Loweruka mbaula zonse zili ndi ntchito, ketulo zonse zili ndi ntchito. Mukayandikira kukhitchini madzi otenthawo ndithira inuyo."

Chabwino. Mawa ndikutsegula.

LACHITATU

Zuze anati ndiyambe ndathira mafuta pa mavela, agone nawo tsiku, ndipo ndimasule injini ili yofunda. Anatinso ndione kaye fuzi ndi mawaya. Ana a lero amakonda kudikira. Ndayamba m'mawa, chitsulo chili chozizira.

Vela loyamba latuluka. Lachiwiri latuluka. Lachitatu lalira kwii, koma latuluka.

Kuyesa kwake ndinaonera kwa anthu a malole: thupi la vela uligunditse ku mutu umodzi wa bateriya, waya uchoke ku mutu winawo ukakhudze pamwamba. Lamoyo limafiira kunsonga.

- Loyamba: lakufa.
- Lachiwiri: lakufa.
- Lachitatu: psu! Ndinaligwira ndi zala. Tsopano ndikulemba ndi zala zitatu.

Lachinayi lakana. Ndalinyengerera, lakana. Ndalitukwana, lakana. Ndatenga paipi ya mjigo wakale, ndaveka ku sipanala kuti mkono utalike, ndakoka kamodzi kokha.

Thyo!

Theka lili m'manja mwanga, theka latsala m'kati. Ndaliyang'ana nthawi yaitali. Silikutuluka poliyang'ana.

Palibe kanthu. Mavela atatu atsopano aposa anayi okalamba. Akalewo ndaponya onse m'chimbudzi kuti asasokonezeke ndi atsopano.

LACHINAYI

Ku Kalomwe, pa njinga, bateriya pa kaliyala kuti akaidzaze moto. Ku Ulongwe kuli pafupi, koma kumeneko sitolo zonse zimadziwana ndi Zuze.

Pa malire fumbi, malole, osintha ndalama akundikoka malaya. Ndapeza munthu wogulitsa zitsulo pa tebulo. Wayang'ana chidutswa changa, watulutsa mabokosi awiri. Akuti: "A 12 kapena a 24, agogo?" Ndafunsa kusiyana kwake. Akuti a 24 ndi a malole. Akuti galimoto yaing'ono imafuna a 12.

Ndamuyang'ana. Akundiona ndabwera pa njinga, ndiye akuyesa ndine munthu wa 12. Lole imadzuka m'bandakucha pa chisanu cha pa malire, itasenza matumba mazana. Chimene chimadzutsa lole chingalephere galimoto yanga? Ndatenga a 24.

Pobwerera ndakumana ndi chapa ya asewere. Aima, atulutsa mutu: "Asewere, zikuyenda? Nsidze zapita kuti?" Ndati ndameta za ukwati.

LACHISANU

Alowa bwinobwino, onse atatu. Ndamanga mawaya. Ndapotokola kiyi, ndadikira kanyali.

Gurr, gurr, gurr. Utsi. Zii.

Ndamasula limodzi, ndaliyesa pa bateriya. Ndawerenga mpaka makumi atatu. Likungofunda ngati tiyi wa dzulo. Ndaliika pa tsaya, osapsa. Ndiye kuti a malole amafuna mabateriya awiri kuti afiire. Munthu uja akanalimbikira kundiletsa. Wogulitsa wanji wogonja msanga chotero?

Lamoyo lija lili m'chimbudzi. Ndapita kukasuzumira ndi tochi. Sindilemba zambiri.

Bwalo ladzaza. Amayi akusenda mbatatesi, akupeta mpunga, thobwa lili m'migolo. Atsikana amanga maluwa a mapepala pa galimoto, nsalu yoyera kutsogolo. Yakongola, ngati maliro a munthu wolemera.

Asewere atumiza mawu kuti chapa ibwera m'mawa kudzatenga a kwaya, ndipo mpando wakutsogolo ausiya wopanda munthu. Ndayankha kuti aikepo nkhuku.

Tereza wandipeza ndili m'munsi mwa galimoto. Akuti: "Bambo, ine ndikungofuna kukafika." Ndati ukafika, mwana wanga, ndipo anthu adzakamba.

Nzeru yomaliza: ng'ombe ziwiri za mlamu wanga zaikokera pamwamba pa chitunda cha kuseri kwa mudzi. Mawa ndiigubuduza, ndiponya giya yachiwiri, ilira yokha. Ikalira ndizungulira kudzatenga mkwatibwi pakhomo. Mavela ndi a anthu okhala kuchigwa.

LOWERUKA

Chifunga. Suti, tayi, nsapato zothina. Ndachotsa miyala ku matayala, ndalowa, yayamba kutsika.

Giya! Kho, kho, kho. Utsi.
Giyanso! Kho, kho. Yalira pang'ono, yazima.
Giyanso! Chitunda chatha.

Ndaima pa kamlatho ka ku dambo, pamalo pozizira kuposa ponse m'dziko muno. Maluwa anyowa. Achule okha.

Ndamva kwaya isanafike. Chapa yatulukira m'chifunga, yaima pambali panga. Kutsogolo kuli Tereza, mu zoyera, maso ofiira. ANangozo atsegula windo: "Kwerani, bambo a Tereza, musatichititse manyazi kawiri." Asewere atsika okha, anditsegulira chitseko, osaseka n'komwe. Akanaseka bwenzi zili bwino.

Ndati pitani, ndikupezani, yatsala pang'ono.

Apita. Ndakhala pa mwala. Belu la ku Fonte Boa limamveka mpaka ku dambo, sindinkadziwa.

Dzuwa lakwera, chifunga chachoka, chitsulo chatentha mpaka sungachigwire. Ndalowa kuti nditenge chipewa, ndangoti ndipotokole. Kamodzi kokha. Yalira! Ngati yatsopano, galu ameneyu!

Ndafika anthu akutuluka m'tchalitchi, nthungululu, mpunga m'mwamba. Malumbiro sindinawamve. Amene anaperekeza Tereza kuguwa ndi malume ake. Ndaima kumbuyo kwa anthu, injini ikulira, chifukwa kuzimitsa ndikuopa.

Tereza wandiona. Wasiya mzere, wakoka mwamuna wake, wanyamula diresi m'manja, wabwera mpaka pa windo. Akuti: "Musazimitse, bambo." Akwera onse awiri. Ndawatula kumadyerero, pang'onopang'ono, chapa ili m'mbuyo mwathu ikumwa utsi.

LAMULUNGU

Chisanu. Sindinaiyese n'komwe. Ku Misa tapita wapansi, aNangozo patsogolo, ine m'mbuyo.

Anthu akukamba, monga ndinanenera. Ena akuti ndinabweretsa mkwatibwi, ena akuti ndinabweretsa utsi. Pa zithunzi za m'tchalitchi ine mulibe. Pali chimodzi cha panja, pakuoneka chigongono changa pa windo.

Tereza wadzatsazika madzulo, wagwada, wandisiyira nyama ya mbuzi m'mbale. Za ku dambo sanatchule. Ndikanakonda akanandikalipira.

Ndatumiza mawu kwa Zuze. Abwera mawa ndi choboolera kudzatulutsa chidutswa chija, ndi mavela anayi a 12. Akuti ntchito ya theka la tsiku ija tsopano ndi ya masiku awiri.

Kiyi ndapatsa aNangozo. Zuze akafika amuuze kuti ndapita ku dimba.