Madiresi Othetheka a Kwaya ya Amayi

Lolemba

Madiresi khumi ndi awiri a kwaya ya amayi atha! Abuluu, nsalu yonyezimira ya poliyesita. Ntchito yanga yaikulu yoyamba chigulireni makina. Lamulungu makwaya asanu akumana pa tchalitchi chathu, ndipo amayi a midzi ina adzafunsa kuti wasoka ndani. Kuno ku Nsaru telala amadziwika motero, osati ndi chikwangwani.

Masana amayi a kwaya abwera kudzayesa. Kunja kwauma gwa. Nsalu ikuthetheka, the-the-the, kenako ikukakamira m'miyendo ngati mwana woopa jakisoni. Mayi Nabanda, otsogolera nyimbo, apereka moni wa chanza kwa amayi abusa, kwathetheka, onse awiri adumpha.

Amayi abusa: "Kodi tikukaimba, kapena tikukaonetsa mawondo?"

Ndalonjeza kuti pofika Loweruka zikhala zitatheka. Pakamwa panga sipandifunsa.

Lachiwiri

Ndapita kwa alamu, aphunzitsi a sayansi ku sekondale. Akuti ndi magetsi obadwa nsalu ikamakhulana ndi thupi, ndipo akusowa potulukira. Kumafakitale akunja, akuti, amapaka nsalu pulasitiki wopyapyala wodutsa magetsi, wosakaniza ndi fumbi la okusaidi wa zitsulo. Afotokoza zambiri, koma ine ndaima pa mawu amodzi. Okusaidi wa chitsulo ndi dzimbiri. Fomu 3 sindinaiphunzire pachabe.

Zofunika:
dzimbiri (malata a khola la nkhumba)
guluu wa akalipentala, m'malo mwa pulasitiki
sefa
beseni
osauza munthu aliyense

Lachitatu

M'mawa wonse ndikupala malata ndi mpeni. Bambo a kwathu akundiyang'ana ali pa njinga: "Mayi, denga limenelo latsala ndi dzimbiri lokha, mukachotsa nkhumba zigona pamtetete."

Ndasefa, ndasakaniza ndi guluu ndi madzi. Ndaviika kachigamba, ndafinya, ndakhula pamkono. Zii! Palibe kuthetheka, palibe kumata. Ndakhulanso pa ubweya wa mphaka. Zii!

Azungu amamanga fakitale pa chinthu cha beseni limodzi.

Lachinayi

Ndiyambe ndi diresi limodzi. Ndasankha la Mayi Nabanda, poti ndiwo amaima kutsogolo. Ndaviika, ndayanika kuseri kwa nyumba.

Lauma. Laima lokha pachingwe ngati chikopa cha ng'ombe. Buluu uja wasanduka mtundu wa fodya wa chikopa wosagulika, mawangamawanga. Ndalipinda, lalira. Ndalikhula pamkono: the-the-the!

Tsopano ndazindikira. Kachigamba ka dzulo kanali konyowa. Nsalu yonyowa sithetheka, ngakhale usaipake kanthu. Mphaka ndinamuvutitsa ulere.

Lachisanu

Kuchapa. Sopo, ayi. Mandimu asanu ndi atatu, achotsa pang'ono pamkono, aonjezera fungo. Madzi otentha: guluu wasungunuka, dzimbiri lakhazikika ngati kwawo.

Nsalu yotsala ndi yokwana mpango. Kusitolo ku Namitete akuti yamtunduwo inatha.

Nkhani ya kuthetheka yafika pachigayo, ndipo malangizo akubwera okha:
kudzola mafuta ambiri m'miyendo
kubaya pini kunsi kwa diresi
kuvala mapitikoti awiri
kuyenda osatsetsereka mapazi
kupemphera

A Naphiri a pachigayo akuti nsalu yothetheka imaitana mphezi. Amayi awiri atumiza kale uthenga kuti Lamulungu adwala.

Loweruka

Ndaonetsa alamu diresi lija. Aseka mpaka kuvula magalasi. "Mlamu, fumbi lija limakhala losalala moti maso saliona, ndipo si dzimbiri la pakhola. Lanuli ndi gaga. Guluuyo magetsi sadutsamo n'komwe." Lachiwiri analankhula zimenezi? Akuti analankhula, ine ndinali nditayamba kale kuyang'ana malata.

Madzulo ndanyamula diresi kupita kwa Mayi Nabanda. Alitembenuza uku ndi uku, aligogoda ndi chala.

"Mwana wanga, ili ndi diresi kapena chitseko?"

Ndafotokoza za okusaidi. Amvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, kenako afunsa ngati ndinadya masana.

Tapita tonse kwa amayi abusa. Sanakalipe, zomwe zapweteka kwambiri. Chigamulo: aliyense avale diresi lake, amange chitenje pamwamba kuyambira m'chifuwa mpaka ku akakolo, chamtundu umodzi. Mayi Nabanda avale lomwelo, lifewetsedwe mumtondo ngati kuli kofunika.

Lamulungu

Aimba bwino, chilungamo chake. Palibe bondo laoneka. Mayi Nabanda aimba ali chiimire nji, osagwedezeka, ndipo alendo akuti ndi ulemu waukulu pamaso pa Mulungu. Kukhala pansi ndiye akanika. Ulaliki wonse amvera ali chotsamira chipupa.

Potuluka, amayi a ku Kabudula azungulira kwaya yathu. Ndasendera pafupi, makutu tcheru. Akufunsa kuti zitenje zokongolazi anagula kuti.

Pa ntchito yanga ya milungu itatu, chomwe chaoneka ndi makolala okha. Makolalawo, ndinene pano poti kwina sindinganene, ndinasoka bwino.