Roketi ya pa Chulu

Lolemba
Ndaona zodabwitsa pa foni! Roketi ya ku Amelika inyamuka, ikafika kumwamba iduka pakati. Mutu upitilila, koma chigawo cha m'munsi, chija chokankha, chibwelela pansi n'kutela choimilila ngati mtondo. Ati amachipukuta, n'kuthilamo mafuta, n'kuchitumanso.

Ndionetsa aneba, a Tembo. Aseka mpaka kutsokomola. "Bambo, akunamizani. Ajambula ponyamuka, n'kuitembenuza filimu kuti iziyenda chambuyo." Magazi andikwela. Tipangana pamaso pa anthu: mailo 15 koloko iuluka ina, tionelela pompopompo. Ikatela, a Tembo andipalila munda wa nshawa. Ikapanda kutela, ndipalila wao. Wao ndi waukulu kawili.

Lachiwili
Kuno ku Ndake netiweki ili pa chulu cha kuseli kwa tchalitchi basi. Zonyamula:
foni
benchi
ambulela
a Tembo

Tili anthu asanu ndi anayi, mitu pamodzi. Azungu awelenga chotsika, kwatsala mphindi ziwili... aimitsa! Ati mphepo. "Chinthu choopa mphepo?" atelo a Tembo. "Ngakhale nkhuku yanga imatuluka."

Lachitatu
Mvula kuyambila m'mawa. Sola sinadye dzuwa, foni yakomoka. Kaya yauluka, kaya ayi. Amake ana ati ndisiye kuyang'ana kumwamba, denga likudontha pa chimanga.

Lachinayi
Sinauluke, mwayi wanga! Mbili yafika patali, pachulu pali anthu oposa makumi atatu. Amake ana abwela ndi beseni la vitumbuwa, vitha vyonse. Roketi yokha ndiyo ikana. Lelo ati bwato la munthu lalowa m'nyanja pamalo oletsedwa. Msodzi mmodzi kuimitsa dziko lonse la Amelika! Ndimulemekeza, koma andipweteka.

Potsika, linthumbwi andilowa m'thalauzi. Ndivina pamaso pa azimai a kwaya.

Lachisanu
Aimitsanso, ati kapaipi kena kakudontha. Ndikanakhala pafupi ndikanamanga ndi mphila ya njinga. Anthu ayamba kunditchula a Mailo. A Tembo adutsa pakhomo ndi khasu latsopano: "Ndakugulilani mpini wofewa, manja anu ndi a foni."

Loweluka
Lelo ndiye lelo! Batili yodzala, kumwamba mbee. Atsala okhulupilika asanu, ndi a Tembo. Teni, naini, eiti... Moto! Utsi! Yanyamuka! Tikuwa mpaka mbuzi zithawa. Iduka pakati monga ndinanenela. Chigawo chija chitembenuka, chitsika, chiyatsa moto, chitambasula miyendo...

Foni ilila. Apongozi, amai ao a amake ana, a ku Msanzala.

Apongozi sadulidwa. Ndichotsa chipewa, ndiyankha. Afunsa za ine, za ana mmodzimmodzi, za mvula, za ng'ombe imene inatsimphina chaka chatha. Ati abwela mailo kudzakhala mwezi. Ndithokoza kwambili, thukuta lili kamukamu.

Pobwelela ku roketi, chinthu chaima kale phee, azungu akuwomba m'manja. "Ndani waona chikutela?" afunsa a Tembo. Anthu onse ayang'ana pansi. Ndichondelela kuti tibweze filimu. "Ya kubweza ndiyo tinakana Lolemba," atelo a Tembo. Mlandu watha.

Sondo
Apongozi afika pa njinga yamoto ndi matumba awili ndi tambala. Titadya, ndiwakweza pachulu kuti aone chimene anandidulila. Aonelela kawili, osaphethila. Chitela bwinobwino, choimilila!

"Chatela ndithu, mwanawe," atelo. Mtima wanga uti myaa, mboni yapezeka. Kenaka aonjeza: "Koma tikali kwathu ku Mozambiki, nthawi ya nkhondo, chinthu chikalila chotele kumwamba tinali kugona m'ngalande. Inu mukwela pachulu ndi benchi?"

Ndiwapempha akauze a Tembo zimene aona. Akana, ati mlendo saweluza milandu ya eni mudzi.

Basi. Khasu ndanola. Munda wa a Tembo uyambila pa mtengo wa mango, ndipo pothela pake sindinapaonepo.